Kompyuta yatsopano ikamazima poyatsa, funsani kaye kuti yafika pati

Munthu amene wagula zipangizo payekhapayekha, motherboard (bodi yaikulu imene zipangizo zonse zimalumikizidwapo) kuno, purosesa uko, RAM yoitanitsa ku Johannesburg kapena ku China, n'kuzimanga yekha kapena kupatsa mnyamata wodziwa, amafika pa tsiku loyatsa mtima uli m'mwamba. Kawirikawiri zimayenda. Zikakanika, dandaulo limamveka chimodzimodzi kwa aliyense: "ikungozima yokha." Ndipo malangizo amene amabwera msanga ndi awiri, onse osathandiza pa nthawi imeneyo: ikaninso Windows, kapena bwezani motherboard, mwina inabwera yakufa.

Kuzima kumene anthu amanenaku kuli mitundumitundu. Pali kompyuta imene mukadina batani mafani amangogwedezeka kamodzi n'kuima. Ina mafani amazungulira, nyali zikuwala, koma sikirini ili bii. Ina imaonetsa dzina la kampani ya motherboard n'kuyambiranso, mobwerezabwereza. Ina imafika pa timadontho tozungulira ta Windows kenako sikirini yabuluu. Ndiye pali ija imene imalowa bwinobwino, n'kuzima mukangotsegula gemu. Makanika wabwino mukamuuza kuti galimoto yakana kulira sathamangira kumasula injini. Amayamba wafunsa ngati sitata ikutembenuka kapena ili zii, chifukwa yankho lakelo limamuchotsera theka la zinthu zokayikitsa. Funso lomwelo ndi limene limagwira ntchito pano: isanazime, yafika pati?

Zimene zimachitika mukadina batani

Kompyuta siyaka kamodzin'kamodzi. Pulagi ikangolowa pakhoma, power supply, bokosi losintha magetsi a pakhoma kuti ayenerane ndi makina, imayamba kale kupereka timagetsi ta 5V ku motherboard ngakhale makina akuoneka ozima, n'chifukwa chake mabodi ena amawala usiku wonse. Batani la kutsogolo silinyamula magetsi a makina. Limangogunditsa mapini awiri, ndipo motherboard imauza power supply kuti itsegule 12V, 5V ndi 3.3V. Magetsiwa akakhazikika, pasanathe theka la sekondi, power supply imatumiza chizindikiro choti zonse zili bwino, ndipo purosesa imadzuka. Chizindikirocho chikapanda kubwera, purosesa imakhalabe chigonere.

Ikadzuka, purosesa sidziwa kalikonse za Windows. Imawerenga pulogalamu yaing'ono yosungidwa pa kachipi ka pa motherboard, imene tonse timaitchulabe BIOS ngakhale makina a masiku ano ali ndi UEFI. Pulogalamuyi imachita kalembera wa zipangizo, wotchedwa POST: purosesa, kenako RAM, kenako chotulutsa zithunzi, pomaliza n'kufunafuna disiki yoyambira. Ikaipeza ndi pamene imapereka udindo kwa Windows, imene imakweza ma driver ake, timapulogalamu toyendetsera chipangizo chilichonse, mpaka mutaona desikitopu.

Apa pali malire ofunika kwambiri. Ngati simungathe kulowa mu BIOS podina Del kapena F2, ndiye kuti Windows sinafikidwe n'komwe, ndipo kuikopera mwatsopano n'kungotha bandulo. Ngati mukulowa mu BIOS n'kukhalamo theka la ola makina osazima, ndiye kuti magetsi, purosesa ndi cooler yoiziziritsa zikugwira ntchito yake ya poyambira, ndipo maso anu apite pa disiki, ma driver ndi liwiro la RAM.

Mabodi ambiri a masiku ano amakuuzani okha pamene aima. Chakumanja, pafupi ndi waya wamkulu wa magetsi, pamakhala tinyali tinayi tolembedwa CPU, DRAM, VGA ndi BOOT, kutanthauza purosesa, RAM, chotulutsa zithunzi ndi disiki yoyambira. MSI amatitcha EZ Debug LED, ASUS amati Q-LED. Timayaka motsatizana, ndipo kamene katsala chiyakire ndi pamene POST yakakamira. Mabodi odula ali ndi kasikirini ka manambala awiri, ndipo tanthauzo lake lili m'buku la bodiyo. Otchipa kwambiri alibe zonsezi, koma pafupifupi onse ali ndi mapini anayi olumikizapo kasipika kolira, ndipo kaliridwe kake kamanena chomwecho. Kanthu kameneka n'kotchipa, koma ambiri amakataya pamodzi ndi makatoni.

Mafani akangogwedezeka n'kuima

Apa nkhani ndi ya magetsi, ndipo yambani ndi zochititsa manyazi. Switchi ya kumbuyo kwa power supply ili pa I kapena pa O? Waya wa batani walowa pa mapini olembedwa PWR_SW kapena pa oyandikana nawo? Batani la reset likakanirira mkati, makina amangoyambiranso kosalekeza. Zulani timawaya tonse ta kutsogoloto, mugunditse mapini awiri a PWR_SW ndi nsonga ya sikuludiraiva kwa kamphindi. Ikayaka, vuto lili pa kesi.

Motherboard imadya magetsi kuchokera malo awiri. Waya wamkulu wa mapini 24 aliyense amamuona. Amene amaiwalika ndi wa mapini 8 wa purosesa, wolowa pakona ya kumtunda kumanzere, makamaka cooler yaikulu ikaphimba malowo. Amafanana kwambiri ndi wa graphics card, khadi lotulutsa zithunzi, koma ndi osiyana: wa purosesa amagawika 4 ndi 4, wa graphics card 6 ndi 2, ndipo magetsi ake anayalidwa mosemphana. Akamakana kulowa musamukakamize.

Palinso msampha wa ma power supply amene mawaya ake amazulidwa. Mbali yolowa mu zipangizo ndi yofanana kulikonse, koma mbali yolowa mu power supply kampani iliyonse imayala mwa njira yake, nthawi zina mosiyana ngakhale pakati pa mitundu iwiri ya kampani imodzi. Kutenga waya wa power supply yakale n'kumulowetsa mu yatsopano chifukwa choti wakwana kumatha kuotcha SSD (disiki yamakono yosazungulira) ndi disiki wamba nthawi yomweyo.

Kuzima kwa pompopompo nthawi zambiri kumakhala power supply ikudziteteza ku shoti. Pansi pa motherboard pamakhala timizati tachitsulo toikweza kuti isakhudze kesi, ndipo kamodzi kakakhala pamalo pamene bodi ilibe bowo kamagunda njira za magetsi za kunsi kwake. Screw yogwera kuseri imachita chimodzimodzi, monganso kalilime ka chitsulo chotseka kumbuyo kakapindikira m'doko la USB. Mabodi a ASUS amachita kulemba kuti USB yakoka magetsi opyola muyezo, n'kuzima pakatha masekondi 15. Njira yodziwira ndi imodzi: tulutsani bodi mu kesi, muiike pamwamba pa katoni yake, ikhale ndi purosesa, cooler, RAM imodzi ndi power supply basi. Ambiri amazengereza pamenepa chifukwa anatha madzulo onse akubisa mawaya mwaluso. Masulanibe. Ikayaka pa katoni, mwadziwa kuti zipangizo zanu zodula zili moyo.

RAM, imene imayambitsa milandu yambiri

Kanyali ka DRAM ndi kamene kamatsala chiyakire kawirikawiri, ndipo ngakhale pa bodi yopanda tinyali, RAM ndi poyambira pabwino.

Choyamba n'kukhazikika kwake. RAM imafuna kukanikiza mwamphamvu kuposa mmene munthu woyamba kumanga amalimbira mtima, mpaka imveke kuti thapu mbali zonse ziwiri. Mabodi ena ali ndi kotsekera mbali imodzi yokha, ndipo mbali inayo imatha kutsala m'mwamba pang'ono diso osaona. Chachiwiri ndi malo. Pa bodi ya masiloti anayi, ma RAM awiri samaikidwa moyandikana. Mabuku ambiri amati alowe mu A2 ndi B2, kutanthauza siloti yachiwiri ndi yachinayi kuwerenga kuchokera ku purosesa. Chifukwa chake n'choti njira za magetsi zimadutsa pa siloti yoyamba n'kukathera pa yachiwiri. Mukasiya ya kumapetoyo yopanda kanthu, zizindikiro zimakagunda kumeneko n'kubwerera kudzasokoneza zinzake, ndipo liwiro likakwera chisokonezocho chimakula.

Chachitatu n'kudekha. Poyatsa koyamba, purosesa imayesa nthawi ndi mphamvu zosiyanasiyana mpaka itapeza mmene ingamvanirane ndi RAM yanuyo. Pa RAM ya mtundu wa DDR4 zimenezi zinkatha mosaonekera. Pa DDR5, makamaka pa mabodi a soketi ya purosesa ya AM5 amene AMD inatulutsa mu 2022, sikirini imatha kukhala yakuda kwa mphindi zingapo, kanyali ka DRAM kali chiyakire, ndipo RAM ikachuluka nthawinso imatalika. Makina amathanso kudzizimitsa n'kudziyatsa kawiri katatu. Munthu wosadziwa amazula pulagi mphindi isanathe, poganiza kuti zavuta, ndipo ntchito yonse imayambiranso. Kuthamanga sikufika. Ipatseni mphindi zisanu musanagamule.

Ndiye pali nambala ya papaketi. DDR4-3600 kapena DDR5-6000 si liwiro limene RAM imayambira. Imayamba pa muyezo wa bungwe la JEDEC, monga 2133 kapena 2400 pa DDR4 ndi 4800 pa DDR5. Kuti ifike pa nambala yolembedwayo mumayatsa XMP mu BIOS, kapena EXPO pa makina a AMD, ndipo potero mukuthamangitsa zinthu kupyola pamene wopanga purosesa analonjeza. Pa mapurosesa ake a Ryzen 7000, AMD inalonjeza 5200 mukaika ma RAM awiri, ndipo mukadzaza masiloti onse anayi lonjezolo limatsika kufika pa 3600. Ambiri zimawayendera pa 6000, koma palibe amene anawalembera kuti zidzatero. Ngati mavuto anayamba mutangoyatsa XMP, musafunefune kwina. Zimitsani. Ngati simukuthanso kulowa mu BIOS kuti muzimitse, zulani pulagi, muchotse kabatire kozungulira ka CR2032 kwa mphindi zochepa, kapena mugunditse mapini awiri ofufutira CMOS amene buku likuonetsa. BIOS imabwerera mmene inachokera ku fakitale.

Kwathu kuno RAM timakonda kugula imodziimodzi malinga ndi mmene m'thumba mulili, ina lero, inzake mwezi wa mawa, mwinanso ya kaunjika. Ma RAM awiri a dzina limodzi ndi nambala imodzi amatha kukhala ndi machipi a mafakitale osiyana, ina Samsung, ina SK hynix kapena Micron. Pa liwiro la poyambira nthawi zambiri amamvana. Pa XMP ndi pamene amakangana. Amene amagulitsidwa awiriawiri m'paketi imodzi anayesedwa limodzi, ndipo ndicho chimene mumalipira.

Chimene ambiri sadziwa n'choti gawo lolamulira RAM lili mkati mwa purosesa. Choncho kanyali ka DRAM kamatha kuyaka RAM ili bwinobwino, vuto lili pa soketi. Pa AM4, soketi yakale ya AMD, mapini ali pa purosesa. Pa LGA1700 ya Intel ndi AM5 ali mu soketi ya bodi, ndipo pa AM5 alipo 1718, opyapyala kwambiri. Pini imodzi ikapindika pamalo olakwika, masiloti awiri a RAM amafa. Cooler yomangidwa mopyola muyezo, kapena yolimba mbali imodzi, imachitanso zomwezo popendeketsa purosesa. Chotsani purosesa, muunike soketi ndi tochi ya foni chopendekera. Mapini onse amanyezimira mofanana, ndipo opindika amaonekera okha.

Kuyesa kwenikweni kumachitika ndi pulogalamu ya MemTest86, imene imayambira pa fulashi popanda Windows. Isiyeni izungulire kanayi, kapena usiku wonse. Cholakwika chimodzi chokha n'chokwanira kunena kuti pali vuto. Kenako yesani RAM iliyonse payokha mu A2. Imodzi ikalephera, mwaipeza. Zonse zikapambana mu A2 koma n'kulephera mu B2, RAM ilibe mlandu, bwererani ku soketi.

Purosesa yokwana koma yosadziwika

Purosesa kulowa mu soketi sikutanthauza kuti bodi ikuidziwa. Ryzen 5000 itatuluka mu Novembala 2020 inkalowa mu AM4 yomweyo ya mabodi a B450 a mu 2018, koma popanda BIOS yatsopano makina ankangozunguza mafani. Mapurosesa a Intel a m'badwo wa 13 ndi 14 pa mabodi a B660 ndi Z690 ndi chimodzimodzi. Bodi ikhoza kukhala yatsopano m'katoni, koma ngati inakhalitsa pa shelefu, BIOS yake ndi ya tsiku limene inapangidwa. Mabodi ambiri tsopano ali ndi kabatani kumbuyo kolowetsera BIOS kuchokera pa fulashi ngakhale purosesa palibe. ASUS amati BIOS FlashBack, Gigabyte amati Q-Flash Plus. Fulashi ikhale ya FAT32, failo ipatsidwe dzina limene buku likunena, ndipo ilowe m'doko lake lenilenilo. Ngati kabataniko kulibe, mufunika kubwereka purosesa yakale. Magetsi akathima ntchitoyi ili mkati bodi imatha kuferatu, ndiye musaiyambe popanda UPS, bokosi la batire logwirizira makina magetsi akathima, ngati dera lanu magetsi sadalirika. Ngatinso disiki yanu ndi yotsekedwa ndi BitLocker, loko wa Windows, pezani kaye kiyi wake wa manambala 48 mu akaunti ya Microsoft, chifukwa kusintha BIOS kumatha kuchititsa Windows kuti imufunse.

Kanyali ka VGA, kapena sikirini yakuda zina zonse zikuoneka zabwino, nthawi zambiri ndi waya wa HDMI wolowetsedwa pa motherboard m'malo mwa graphics card. Mapurosesa a Intel othera ndi F alibe chotulutsa zithunzi. Ryzen 5 5600 ilibenso, koma 5600G ili nacho. Pa oterowo madoko a pa bodi ndi ongokongoletsa.

Kutentha kuli ndi kachitidwe kake kosavuta kuzindikira. Makina amayaka, amalowa mu BIOS, n'kuzima pakatha mphindi imodzi kapena ziwiri. Mukayatsanso amazima msanga kuposa poyamba. Mukawasiya azizire amapirira pang'ono. Yang'anani nambala ya kutentha mu BIOS: ikamakwera osaima kupyola madigiri 80 makina asakugwira ntchito iliyonse, cooler sikukhudza purosesa bwino. Kawirikawiri ndi kapulasitiki ka pansi pa cooler kamene sikanamatulidwe, kapena pampu ya cooler ya madzi imene sinalumikizidwe. Kutentha kwa mu Okutobala kumakweza manambala ndithu, koma pakokha sikuzimitsa kompyuta yatsopano mu BIOS.

Ikafika pa Windows

Ambiri pomanga makina atsopano amasamutsa SSD ya makina akale ili ndi Windows yake. Nthawi zina zimayenda, ndipo n'chimene chimapusitsa. Windows imeneyo inanyamula ma driver a bodi ina, mwinanso inaikidwa pa disiki ya kayalidwe kakale ka MBR, pamene bodi yatsopano ikufuna GPT. Disiki yotero sionekera n'komwe pa mndandanda woyambira pokhapokha mutayatsa CSM mu BIOS. Uthenga wa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE umatanthauza kuti Windows yayamba kudzuka kenako yataya njira yopitira ku disiki yake yomwe, ndipo kawirikawiri ndi chifukwa choti mu BIOS njira yolankhulira ndi disiki ili pa RAID kapena VMD pamene Windows inazolowera AHCI. Onaninso buku pa nkhani ya M.2, masiloti a SSD a pa bodi, chifukwa pa mabodi ena kuika SSD mu siloti yachiwiri kumatseka madoko ena a SATA olumikizira madisiki pa waya, ndipo disiki imene inali pamenepo imangosowa.

Maganizo anga ndi oti makina atsopano apatsidwe Windows yatsopano, yochokera kwa Microsoft, yoikidwa pa fulashi ya 8GB kapena kuposa ndi Media Creation Tool kapena Rufus. Ma Windows opepukitsidwa amene amayenda pa mafulashi m'mashopu anachotsedwa zinthu zimene palibe angakuuzeni kuti ndi ziti, ndipo mukamafufuza vuto simufuna chinthu china chosadziwika. Poika, zulani madisiki ena onse, apo ayi Windows imatha kuika gawo lake loyambira pa disiki ina, n'kudzakana kuyaka tsiku limene mudzaichotse.

Sikirini yabuluu, imene pa Windows 11 ya posachedwapa yasanduka yakuda, imalemba dzina la vuto pansi. Ijambuleni ndi foni nthawi iliyonse, chifukwa chofunika kwambiri ndi kuona ngati dzinalo likusintha. Likamabwera lomwelomwelo, n'kumatchula failo imodzi yothera ndi .sys, wolakwa ndi driver. Mwachitsanzo nvlddmkm.sys ndi wa Nvidia, ndipo VIDEO_TDR_FAILURE imaloza ku graphics card. Koma likamasintha, lero MEMORY_MANAGEMENT, mawa IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL, mkuja CRITICAL_PROCESS_DIED, musathamangitse dzina lililonse palokha. Zimenezo zikusonyeza kuti zinthu zikuwonongeka mu RAM mwachisawawa, ndipo pulogalamu imene yapezeka pamalo owonongekawo ndi imene ikutchulidwa. Bwererani ku XMP ndi MemTest86. WHEA_UNCORRECTABLE_ERROR ndi ina: pamenepo chipangizo chenichenicho, kawirikawiri purosesa kapena SSD ya NVMe, ndi chimene chanena kuti chalakwitsa.

Driver mmodzi amatha kugwetsa makina onse chifukwa amagwira ntchito mkati mwenimweni mwa Windows, mmene mulibe chomutchinga. Dziko lonse linaona zimenezi pa 19 Julayi 2024, pamene failo yolakwika ya kampani ya chitetezo ya CrowdStrike inagwetsa makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni, malinga ndi Microsoft, mpaka ndege kulephera kunyamuka. Makina onsewo zipangizo zake zinali zabwino, ndipo ankawakonza polowa mu Safe Mode, mmene Windows imayaka ndi ma driver ochepa okha, n'kufufuta failo imodzi. Njira yake ndi yomweyo kwa inu. Windows ikalephera kuyaka kawiri motsatizana, kachitatu imatsegula yokha gawo lokonzera. Pitani pa Troubleshoot, Advanced options, Startup Settings, mudine 4 kuti mulowe mu Safe Mode. Makina akakhazikika mu Safe Mode, chotsani driver wa graphics card ndi pulogalamu ya DDU, muike wina wochokera kwa Nvidia, AMD kapena Intel. Mapulogalamu osewerera ndi nyali za mitundu, amene opanga mabodi amakonda kukankhira anthu, achotseninso. Nawo amalowetsa ma driver awo.

Windows imasiya mbiri ya kugwa kulikonse mu C:\Windows\Minidump, ndipo pulogalamu monga BlueScreenView kapena WinDbg zimaiwerenga. Zikatchula ntoskrnl.exe musasangalale kuti mwapeza wolakwa, umenewo ndi mtima wa Windows ndipo umatchulidwa pafupifupi pa mlandu uliwonse. Chimodzimodzi Kernel-Power 41 ya mu Event Viewer, imene anthu ambiri amaiona ngati umboni woti power supply yafa. Imangonena kuti makina anazima mosatsanzika, ndipo imalembedwa ngakhale mutazula pulagi nokha. Kuti muchotseretu Windows pa mlandu, yatsani Ubuntu, pulogalamu ina yoyendetsera kompyuta m'malo mwa Windows, kuchokera pa fulashi osaiika pa disiki. Ikamazimanso mmenemo, vuto lili pa zipangizo.

Yozima ikangopatsidwa ntchito

Kompyuta imene imathima ngati mwazula pulagi, popanda uthenga uliwonse, gemu ikangoyamba kapena Windows ikangokweza driver wa zithunzi, ikuloza ku power supply. Ma graphics card amphamvu, monga RTX 3080 ndi 3090, anadziwika ndi kukoka magetsi ochuluka kwambiri kwa kanthawi kochepa koposa kuphethira, ndipo power supply yooneka yokwanira papepala inkadziteteza pozima. Apa ndi pamene anthu amaumira, atawononga ndalama zonse pa purosesa ndi graphics card. Power supply yopanda dzina yolembedwa 600W kawirikawiri sipereka mphamvu imeneyo pa 12V, pamene ndi pofunika. Ngati graphics card ili ndi madoko awiri a magetsi, ipatseni mawaya awiri osiyana ochokera ku power supply. Pulagi ya mapini 16 ya 12VHPWR, imene RTX 4090 ya mu 2022 imagwiritsa ntchito, iyenera kulowa mpaka osaonekanso mpata, chifukwa zina zinasungunuka zitatsala panja pang'ono. Ndipo power supply musaitsegule, mkati mwake mumatsala magetsi otha kupha munthu ngakhale itazulidwa.

Magetsi a pakhoma nawo ali ndi gawo. Athu ndi a 230V. Ma power supply abwino amalandira kuyambira 100V mpaka 240V okha, koma akale ndi otchipa ali ndi kaswitchi kofiira ka 115 ndi 230. Yochokera ku America ikabwera ili pa 115 n'kulowa pa soketi yathu, imaphulika pomwepo. Ma inveta ndi ma UPS otchipa satulutsa magetsi osalala ngati a ESCOM kapena ZESCO, ndipo ma power supply ena amakono amazima akalandira oterowo, makamaka pa nthawi yosinthira ku batire. Jenereta yaing'ono imene firiji ikuyaka n'kuzima imachitanso zomwezo. Musanaweruze makina, ayeseni pa soketi ya pakhoma, popanda ekisitenshoni, magetsi a kampani alipo.

Pali mlandu umodzi umene wolakwa analidi purosesa. Mu 2024 Intel inavomereza kuti mapurosesa ake ena a m'badwo wa 13 ndi 14, makamaka amphamvu monga i9-13900K ndi i9-14900K, ankapempha magetsi opyola muyezo n'kumawonongeka pang'onopang'ono. Inatulutsa zokonza kudzera mu BIOS, 0x129 mu Ogasiti ndi 0x12B mu Seputembala, n'kuwonjezera zaka ziwiri pa waranti. Zokonzazo zimateteza purosesa yabwino koma sizichiritsa yowonongeka kale. Wogula yogwiritsidwapo kale ntchito achenjere pamenepo.

Pa zonsezi, sinthani chinthu chimodzi, muyatse, mulembe zimene zachitika. Mukasintha RAM, BIOS ndi driver nthawi imodzi makina n'kuyaka, simudziwa chimene chawachiritsa, ndipo vuto likabwerera mulibe poyambira. Chipangizo chimapezeka cholakwa pokhapokha chikalephera m'makina ena, kapena china chabwino chikagwira ntchito pamalo pake, ndiye mnzanu wokhala ndi power supply kapena RAM yobwereka ndi wothandiza kuposa pulogalamu iliyonse. Kwa ife amene katundu amabwera kudzera kwa achibale kapena pa basi, kubweza chinthu kumatenga milungu ndi ndalama, ndipo wogulitsa amayamba wafunafuna chifukwa chokanira. Chifukwa chimene amachipeza msanga ndi mapini opindika, ndiye jambulani soketi bodi ikangotuluka m'katoni, musanaikepo purosesa. Sunganinso kachivindikiro kakuda ka pulasitiki kamene kamadumpha mukatseka soketi, pakuti opanga mabodi ambiri salandira yobwezedwa popanda iko.